Boti la aluminiyamu la banja: lathyathyathya pansi kapena lakuthwa?

Bambo wa ana anayi, Lilongwe:
Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani yomwe takhala tikukokanakokana nayo ine ndi mayi akunyumba kwa miyezi iwiri tsopano. Tili ndi kanyumba ku Senga Bay komwe anatisiyira malemu bambo anga, ndipo tikapitako pa tchuthi timalipira anyamata a pagombe kuti atiyendetse pa boti la matabwa kukazungulira chilumba cha Namalenje. Ana akula tsopano, choncho tagwirizana kuti tigule lathulathu la aluminiyamu, la injini yopachika kumbuyo, loti tizitha kulikoka ndi galimoto n'kulilowetsa kumpanda tikamabwerera ku tauni.

Pali maboti awiri omwe ndawaona ndi maso anga. Loyamba ndi lathyathyathya pansi, lotalika mamita 4.2, lolumikizidwa ndi marivetsi (timisomali tophwanyidwa mutu tolumikizira malata), ndipo likugulitsidwa pamodzi ndi injini ya Yamaha Enduro ya mahosipawa 15. Mwini wake ankaligwiritsa ntchito pa mtsinje wa Shire cha ku Liwonde. Lachiwiri ndi la mamita 4.8, lakuthwa pansi ngati chilembo cha V, lowotcherera thupi lonse, mbali zake n'zazitali, ndipo lili ndi Enduro ya mahosipawa 40. Linagulidwa ku South Africa ndipo mtengo wake ukutsala pang'ono kuwirikiza kawiri wa loyamba lija. M'nyumba tilipo 6, wamng'ono ali ndi zaka 7. Mtima wanga wagwa pa loyamba chifukwa cha thumba, koma ndisanatulutse ndalama ndati ndimve kaye kwa inu amene nyanjayi mumaidziwa.

Mwana wa msodzi, Nkhotakota:
Achimwene, musanafanizire mitengo, yambani mwafanizira madzi amene maboti awiriwa anawapangira. Lathyathyathya lija silinalakwe kukhala pa Shire, chifukwa mumtsinje mulibe mafunde ndipo boti lotere limadutsa ngakhale pamadzi olekeza m'mawondo osagunda pansi. Senga Bay ndi nkhani ina. Gombe lanulo linayang'ana kum'mawa, ndipo mwera ukayamba kuomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kufika Sepitembala, mulibe phiri lokutetezani monga momwe alili anzathu a ku Chembe ku Cape Maclear, omwe mapiri amawatchingira mphepoyo. Mwezi wa Julaye ndi Ogasiti ndi nthawinso imene ana amakhala pa tchuthi chachikulu, kutanthauza kuti masiku amene mudzalifune kwambiri botilo ndi omwewo amene nyanja imakhala yaukali. Bambo anga ankapalasa bwato moyo wawo wonse, ndipo ankasankha tsiku lopita pa nyanja poganizira mmene adzabwererere, osati mmene kukuonekera ponyamuka.

Bambo wa ana anayi, Lilongwe:
Ndamva achimwene, koma wogulitsa anandikweza m'boti lathyathyathyalo ndipo ndinaimirira, n'kuyenda kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo, osapendekeka ngakhale pang'ono. Lakuthwa lija nditangoponda m'mbali linapendama mpaka ndinagwira phewa la mnyamata amene anali nane. Kodi kwa munthu wa ana si bwino lokhazikikalo?

Mwana wa msodzi, Nkhotakota:
Apo ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Boti lathyathyathya limakhazikika pamadzi abata chifukwa limagona pamwamba pa madzi ngati chitseko, koma pa chifukwa chomwecho limatsatira fundelo kulikonse kumene lapendekera. Funde likabwera cham'mbali, botilo limapendeka nalo limodzi, ndipo likabwera chakutsogolo, m'malo moling'amba limalimenya ndi mimba, mpaka mano kugundana. Lakuthwa limagwedera mukaliponda pagombe, koma likafika pa mlingo winawake limakana kupitirira, ndipo pa mafunde limadula madzi n'kuwaponyera kumbali. Chinanso muyeze ndi tepi kutalika kwa mbali kuchokera pamadzi, anthu atakwera kale. Maboti ambiri athyathyathya mbali zake n'zazifupi, ndipo kutsogolo n'kotsika, moti funde la theka la mita limalowa popanda kupempha.

Mayi wa kanyumba ka ku Nkopola:
Bambo, ndiloleni ndikufotokozereni zomwe zinatichitikira ife, chifukwa tinali ndi lathyathyathya longa lomwe mukulifunalo. Tinanyamuka m'mawa wina wa mu Juni kupita ku chilumba cha Boadzulu, nyanja ili zii ngati madzi a m'mbale, tilipo anthu 5 ndi bokosi la zakumwa. Pobwerera cha m'ma 11 koloko mphepo inali itadzuka. Sanali mafunde oopsa kwa asodzi, poti maboti a matabwa ankatidutsa anthu ake akucheza, koma kwa ife funde lililonse linkathira madzi ngati ndowa imodzi kudzera kutsogolo. Mwana wanga wamkazi, yemwe nthawiyo anali Folomu 2, anakhala pansi m'boti n'kumakapa madzi ndi chigubu chodula cha mafuta ophikira, osalankhula kanthu, akungoyang'ana nkhope ya bambo ake kuti aone ngati akuopa. Bambo akewo anachepetsa liwiro n'kumayenda mopingasa mafunde pang'onopang'ono, ndipo ulendo womwe popita unali wa mphindi zochepa unatitengera nthawi yopitirira ola. Titafika tinapeza kuti marivetsi atatu a pansi pa mpando wapakati ayamba kudontha chifukwa cha kumenyedwa kuja. Botilo tinaligulitsa kwa munthu wina wa ku nyanja ya Malombe, komwe likugwira ntchito bwinobwino mpaka lero. Silinali loipa, kungoti tinaliika pamadzi osakhala ake.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Salima:
Ine ndikufuna kutsutsako pang'ono, kuti mwini funso asaone ngati tonse tagwirizana zomudyera ndalama. Ndakhala ndi boti lathyathyathya la mamita 4 kwa zaka zambiri konkuno ku Salima, ndipo silinandigwetsepo m'madzi. Chinsinsi chake n'chakuti ndimadziwa malire ake. Ndimatuluka dzuwa lisanatuluke, ndimayenda motsatira gombe, ndimakwera ndi mdzukulu mmodzi kapena awiri, ndipo a nthambi yoona za nyengo akangolengeza pa wailesi kuti kuomba mwera, botilo limagona pansi pa mtengo wa mango sabata yonse. Ubwino wake ndi woti anthu awiri timalikokera pamchenga tokha, ndipo injini ya mahosipawa 15 imalemera makilogalamu osafika 40, moti ndimaimasula n'kukaigoneka m'nyumba madzulo alionse. Ya mahosipawa 40 imapitirira makilogalamu 70. Imeneyo simungaiike paphewa, ndipo ikagona panja muyenera kuganiza za mlonda, chifukwa kunyanja kuno injini ndi katundu amene akuba amamufuna kuposa botilo. Tsono funso langa kwa bambo ndi lakuti, kodi ndinu munthu woti mwayenda makilomita oposa 100 kuchokera ku Lilongwe, ana avala kale zosambira, n'kuwauza kuti lero sitikwera chifukwa mphepo yatembenuka? Ngati mungathe, lathyathyathya likukwanirani. Ngati mukudziwa kuti mudzagonja ana akayamba kulira, gulani lomwe lingakukhululukireni.

Bambo wa ana anayi, Lilongwe:
Aphunzitsi, mwandigwira pakhosi. Kunena zoona ndine wofewa mtima pamaso pa ana, ndipo timapita kunyanja masiku owerengeka pa chaka, choncho tsiku lililonse timafuna lisapite pachabe. Komabe chikundiopsa pa lachiwirilo ndi mafuta. Mmene petulo wakhala akusowera m'dziko muno, kugona pa mzere chifukwa cha galimoto kenako n'kuyambanso kusakira boti, ndikuona ngati ndi kudzisenzetsa mtolo.

Makaniko wa injini za maboti, Monkey Bay:
Bwana, nkhani ya mafutayi tiyeni tiiwerengere bwino. Injini za two-stroke ngati Enduro zimamwa kwambiri zikatsegulidwa mpaka kumapeto. Ya mahosipawa 15 imatha malita pafupifupi 7 pa ola, pamene ya 40 imatha pafupifupi 20. Poona manambala amenewo aliyense athamangira yaing'ono. Koma boti laling'ono limayenda m'njira ziwiri: mwina likukankha madzi ndi chifuwa, kapena lakwera pamwamba n'kumatsetsereka. Injini ya 15 imakweza boti la mamita 4 pamwamba pa madzi ngati muli akuluakulu awiri ndi kamwana. Mukakwera anthu 6 ndi katundu, silingakwere ngakhale mutapotokola chogwirira mpaka dzanja kuwawa. Mphuno imaloza kumwamba, kumbuyo kumamira, injini ikulira ndi mphamvu zake zonse koma mukuyenda ngati ngolo ya ng'ombe. Pamenepo mukuwotcha malita 7 pa ola kwa nthawi yaitali. Ya 40 imakweza boti lodzaza m'masekondi ochepa, kenako mumabweza mphamvu kufika cha pakati, ndipo imamwa mocheperapo kwambiri kuposa malita 20 aja uku mukufika msanga. Pa ulendo womwewo kusiyana kwa mafuta sikukhala kwakukulu monga mmene mukuopera.

Musaiwale oyilo. Injini zimenezi petulo wake amasakanizidwa ndi oyilo wa two-stroke wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3, ndipo mlingo umene timagwiritsa ntchito ndi gawo limodzi pa magawo 50, kutanthauza theka la lita pa malita 25. Oyilo wa galimoto kapena wa njinga yamoto musathiremo, ngakhale anyamata a pagombe atakuuzani kuti ndi chimodzimodzi. Injini zambiri zimene zimafika pa benchi langa zitauma zinaphedwa ndi kuumira pa oyilo.

Mlongo wanu wa ku Leeds:
Moni kumudzi. Ine ndikudabwa kuti mukukambirana za two-stroke ngati kuti palibe zina. Kuno ku Ulaya injini zatsopano za two-stroke za kabuleta zinasiya kugulitsidwa kwa anthu oyendera maboti pongosangalala chifukwa cha malamulo a utsi, ndipo pafupifupi aliyense ali ndi four-stroke. Sizifuka, phokoso n'lochepa moti mumatha kucheza muli pa ulendo, sizifuna kusakaniza oyilo, ndipo zimamwa mafuta ochepa makamaka poyenda pang'onopang'ono. Pa nyanja yathu, imene mbali yake ina inakhala malo otetezedwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna, ndikanakonda tikanachepetsa oyilo wotsalira m'madzi.

Koma chimene ndimafuna kunena kwenikweni ndi kachitsulo kamene opanga amakhomera mkati mwa boti, kawirikawiri chakumbuyo. Pamenepo amalembapo chiwerengero cha anthu, kulemera konse kololedwa ndi mphamvu ya injini yaikulu imene botilo lingapirire. Maboti ogulitsidwa kuno amakhalanso ndi chilembo cha gulu: la gulu D analipangira madzi otetezeka a mafunde osapitirira masentimita 30, mwa apo ndi apo theka la mita, pamene la gulu C limayembekezeka kupirira mafunde ofika mamita 2. Machenjezo a mwera amene timawerenga kuchokera kumudzi amatchula mafunde ofika kapena kupitirira pamenepo. Komanso pa kawerengedwe ka kuno munthu mmodzi amamuyesa makilogalamu 75, ndipo injini, thanki, batire ndi chakudya zimadya nawo kulemera kololedwako. Achimwene, kajambuleni tizitsulo ta maboti onse awiri mutitumizire.

Makaniko wa injini za maboti, Monkey Bay:
Achemwali, zonse mwanena za four-stroke n'zoona, ndipo malo ena ogona alendo kuno anasinthira ku zimenezo. Vuto lili pa kukonza. Enduro ikafa pa Senga Bay, pa Nkhotakota kapena pa Nkhata Bay, mupeza munthu woti aimasula pa mkeka ndi masipanala anayi n'kuidzutsa tsiku lomwelo, chifukwa ndi imene asodzi a usipa amakokera maboti a chilimira, ndipo mapulagi, mapulopela ndi timphira take timapezeka m'magolosale a kunyanja. Four-stroke yamakono ikayamba kuvuta za magetsi imafuna kompyuta, ndipo chipangizo chake mudikira kuti chichokere kunja, pamtengo umene unalumpha kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ilinso yolemera kuposa two-stroke ya mphamvu yofanana, ndipo poinyamula pa galimoto ili ndi mbali yake yogonekera. Mukaigoneka molakwika oyilo amalowa m'masilinda. Kwa munthu wogula zatsopano ndipo ali ndi makaniko wodalirika, four-stroke ndi yabwino. Kwa bwanawa amene akusankha pakati pa zogwiritsidwa kale ntchito, Enduro si cholakwika.

Pali china chokhudza petulo wathu chomwe eni maboti a pa tchuthi sachidziwa. Kuyambira m'chaka cha 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, woyamba wa ku Dwangwa, kenako wa ku Chikwawa. M'galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto, koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo akakhala m'thanki miyezi itatu kapena inayi pansi pamadikha madzi, kabuleta imachita zomata, mapaipi akale a mphira amafewa. Inu amene mudzabwera pa Khrisimasi n'kudzabweranso pa Pasaka, muzichotsa paipi ya mafuta injini ikulira m'madzi kuti imalize wotsala m'kabuleta, ndipo wa m'thanki muzithira m'galimoto kapena kupatsa asodzi.

Wowotcherera zitsulo, Kanengo:
Ndilankhuleko za marivetsi ndi kuwotcherera, poti ndi ntchito yanga. Anthu amaganiza kuti boti lowotcherera ndi labwino nthawi zonse, koma si choncho kwenikweni. Ndege zimalumikizidwa ndi marivetsi ndipo makampani akuluakulu ngati Lund ku America akhala akupanga maboti a marivetsi kwa zaka zambiri. Boti la marivetsi limapangidwa ndi lata lopyapyala, mwina mamilimita 2 kapena kucheperapo, choncho limapepuka, ndipo riveti ikamasuka munthu wa hamala ndi chitsulo chotsamiritsa kuseri amaimanganso, kapena kuiboola n'kuika ina. Lowotcherera nthawi zambiri limakhala la lata lochindikalapo, ndiye limapirira miyala ndi kukhuzidwa pamchenga, koma likang'aluka musalitengere kwa mnyamata wowotcherera mageti pamsika. Aluminiyamu amafuna makina a mpweya wa argon ndi waya wake, ndipo anthu odziwa ntchitoyi ambiri tili ku Lilongwe ndi Blantyre. Mng'alu ukawotchereredwa mosadziwa, umabwereranso pambali penipeni pa chigambacho.

Mukapita kukaona, chitani izi. Boti likhale pa ngolo yake pamalo ouma, muthiremo madzi ongokwana kuphimba pansi, osadzaza, chifukwa lita iliyonse ndi kilogalamu ndipo mukhoza kupinda botilo kapena kuthyola ngolo. Kenako gonani chagada pansi pake ndi choko m'manja, muzilemba paliponse pamene pakutuluka dontho. Marivetsi awiri kapena atatu si nkhani, koma mzere wonse ukamalira misozi, lisiyeni. Pa lowotchereralo yang'anani m'makona a kumbuyo momwe mwamangiriridwa injini ndi pamene nthiti zakumana ndi pansi, mufufuze timing'alu tonga tsitsi. Gwirani mwendo wa injini muugwedeze mmwamba ndi pansi. Ngati khoma lakumbuyo likupuma nawo, ndiye kuti thabwa limene ambiri amaika mkati mwake linawola.

Ndinakonzapo boti lina lomwe linali ndi kabowo kozungulira bwinobwino pansi pa matabwa opondapo. Titachotsa matabwawo tinapeza kakhobidi kofiirira ndi zidutswa za waya wa kopa zitagona m'matope onyowa pamalo omwewo. Kopa akakhudzana ndi aluminiyamu pachinyezi, amene amadyeka ndi aluminiyamu. M'madzi opanda mchere ngati athuwa zimachedwa kusiyana ndi kunyanja ya mchere, koma zimachitika, choncho penti wa pansi wokhala ndi kopa musapake, ndipo mbedza, mabawuti ndi makobidi musazisiye m'boti. Popeza lachiwirilo linachokera ku South Africa, funsani ngati linkayenda pa madamu kapena kunyanja ya mchere ngati ku Durban, ndipo muyang'ane timaenje toyera ngati ufa.

Mayi a ana anayi aja, Lilongwe:
Pepani akuluakulu, ndalowerera pa foni yanga chifukwa bambo akunyumba sanakuuzeni zonse. Akuti tilipo 6, koma chiyambire sitinapiteko kunyanja tili 6. Apongozi anga amabwera, mng'ono wanga amabwera ndi ana ake awiri, ndipo tikafika kumeneko ana a msuweni wawo amakhala atatidikira kale pagombe. Pa Khrisimasi yapitayi tinalipo 13. Ine nkhawa yanga si mtundu wa boti ayi, koma kuti ndani adzakhale ndi nkhope youza mwana wa mbale wake kuti iwe tsala. Ndimakumbukira ngozi ya ku Mlowe ku Rumphi pa Pasaka wa 2017, pomwe boti lodzaza anthu ochokera kumapemphero linagubuduzika ndi mphepo, ndipo sindifuna kuti manyazi a pachibale atifikitse kumeneko.

Mayi wa kanyumba ka ku Nkopola:
Amayi, mwatchula chenicheni. Ife tinathana nazo ndi majekete oyandamitsa. Tinagula okwanira chiwerengero cholembedwa pa kachitsulo kaja, osawonjezerapo ngakhale limodzi, ndipo lamulo ndi lakuti wopanda jekete sakwera. Mukatero simukukana munthu ndinu, akukana ndi majekete, ndipo otsalawo amadikira ulendo wachiwiri akudya chimanga chootcha. A ana akhale a msinkhu wawo, okhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, chifukwa jekete la wamkulu limavuka pamutu mwana akangogwera m'madzi. Ndiwonjezere zazing'ono zimene amuna saziganizira pogula. Mu Okutobala mpando wa aluminiyamu umatentha ngati chiwaya, moti mwana wovala kabudula sangakhalepo, choncho pakufunika matabwa kapena timatiresi pamipando ndi kadenga ka nsalu. Onaninso mmene munthu angakwererenso akatsikira m'madzi kukasambira. Boti la mbali zazitali ndi labwino pa mafunde, koma popanda kamakwerero kumbuyo agogo kapena mayi wonenepa ngati ine sangabwereremo.

Bambo wa ana anayi, Lilongwe:
Mayi akunyumba andiyalutsa pagulu, koma sananame. Ndapita kukajambula tizitsulo tija monga anapemphera achemwali a ku Leeds. Lathyathyathya lilibe kachitsulo, pangotsala mabowo anayi pomwe kanali, ndipo mwini wake akuti ankanyamula anthu 8 popanda vuto. Lakuthwa lalembedwa anthu 5 ndi injini yosapitirira mahosipawa 40. Tsono ndasokonezeka, chifukwa laling'ono akuti 8 pamene lalikulu likuti 5, ndipo ife patokha tilipo 6.

Mwana wa msodzi, Nkhotakota:
Anthu 8 awo ndi mawu a wogulitsa, ndipo anawanyamula pa mtsinje. Anthu 5 awo ndi mawu a amene anapanga boti, atawerengera zimene botilo lingathe kunyamula. Pa awiriwa ine ndikhulupirira wachiwiri. Ngati pa kachitsulopo alembaponso makilogalamu, werengerani kulemera kwa banja lanu ndi katundu, poti ana awiri aang'ono sangafanane ndi akuluakulu awiri, komabe musapitirire chiwerengero cha mipando yoti aliyense akhale pansi bwinobwino. Funsaninso ngati pansi pa mipando pali foam, zinthu zopepuka zimene zimayandamitsa boti likadzaza madzi. Aluminiyamu payekha sayandama ngati thabwa. Boti la matabwa likagubuduzika anthu amakangamira pamenepo mpaka thandizo litabwera, koma la aluminiyamu lopanda foam kapena zipinda za mpweya limapita pansi ndi injini yake, ndipo nyanja yathuyi kumpoto imazama mpaka mamita pafupifupi 700. Eni ena amachotsa foam kuti apeze malo osungira katundu, choncho tsegulani muone ndi maso.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Salima:
Kachitsulo kosowako kandichotsa ku mbali ya boti loyamba, ngakhale ndine mwini wa lathyathyathya. Mudzavutikanso nako polembetsa. Maboti a injini amayenera kulembetsedwa ndi kuyezedwa ndi a Marine Department, omwe ali pansi pa unduna wa zamtengatenga ndipo ali ndi maofesi ku Monkey Bay, motsatira lamulo la Inland Waters Shipping Act. Muwafunse iwowo zimene akufuna pa boti la banja ndi pa munthu woliyendetsa musanalipire kalikonse, ndipo wogulitsa akupatseni mapepala a botilo, a injini okhala ndi nambala yogwirizana ndi yomwe ili pa injinipo, ndi a MRA osonyeza kuti linalowa m'dziko mwalamulo. Injini yopanda mapepala kunyanja kuno imakhala ndi mwini wake wina amene akuifunafuna. Ngati mudzafune kupita ku zilumba za Maleri, kumbukirani kuti zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo kuwedza pafupi ndi gombe la zilumbazo n'koletsedwa.

Makaniko wa injini za maboti, Monkey Bay:
Bwana, pa zithunzi mwatumizazi ndaona chinthu chimene chingakuthandizeni potsitsa mtengo. Khoma lakumbuyo la boti lakuthwalo likuoneka la mainchesi 20, koma injiniyo ikuoneka ya mwendo waufupi, wa mainchesi 15. Tengani tepi muyeze kuchokera pamwamba pa khomalo mpaka pansi penipeni pa boti, kenako muyeze injini kuchokera pokolekera mpaka pa chipsepse chopingasa chimene chili pamwamba pa pulopela. Chipsepsecho chimayenera kulingana ndi pansi pa boti kapena kutsikirapo pang'ono. Chikakhala m'mwamba, pulopela imagwira mpweya pokhota ndi pa mafunde, injini imangolira osakoka, ndipo pena imasowa madzi oiziziritsa. Ngati ndaona bwino, ndiye kuti injiniyo si imene inabwera ndi botilo. Musalole kuti wina adule khoma kuti injini itsike, chifukwa kutalika kwa khomalo ndi kumene kumaletsa funde lakumbuyo kulowa mukaima mwadzidzidzi.

Poyesa injini, ifikeni ili yozizira, musalole kuti aitenthetse inu musanabwere. Ikalira onani ngati kamadzi kakutuluka mwamphamvu kumbuyo, chifukwa kakafooka ndiye kuti impela, kamphira kopopa madzi oziziritsa injini, yatha. Masulani kabawuti ka pansi pa giya: oyilo akatuluka woyera ngati mkaka, madzi akulowa. Ndipo chingwe chofiira chozimitsira injini chikhalepo ndipo chizigwira ntchito, muzichimanga pa dzanja nthawi zonse, chifukwa woyendetsa akagwa, boti lopanda munthu limazungulira n'kubwerera pomwe wagwerapo.

Bambo wa ana anayi, Lilongwe:
Akuluakulu, ndabwerako ku Salima ndipo ndati ndikuuzeni mmene zayendera. Amakaniko munaona bwino: khoma ndi la mainchesi 20, injini ndi ya mwendo waufupi, ndipo mwini wake wavomera kuti yoyambirira inabedwa, iyi anaigula kwa msodzi. Tathira madzi monga anatilangizira a ku Kanengo, ndagona pansi ndi choko mpaka malaya kuda, ndipo sipanatuluke dontho ngakhale limodzi. Foam ilimo pansi pa mipando yonse itatu, kupatula kuti ya kutsogolo makoswe anaidyako. Pa kachitsulo palembedwanso kulemera kololedwa, ndipo titawerengera ndi mayi pa sikelo ya kunyumba tapeza kuti tonse 6 ndi injini ndi thanki tikupitirira pang'ono, choncho tagwirizana kuti tiziyenda maulendo awiri ndipo majekete tigula 5 okha.

Tinalitsitsanso m'madzi cha m'ma 10 koloko kamphepo katayamba, ndipo ngakhale pulopela imaphonya pokhota, botilo limadula mafunde mosamenya, moti mayi amene anakhala kutsogolo anangonyowa mkono umodzi. Ndauza mwini wake kuti nditenga boti ndi ngolo popanda injini, ndipo wapempha masiku atatu kuti aganize za mtengo. Lathyathyathya lija ndalisiya. Tsopano ndikufuna injini ya mwendo wautali, ndipo poona kulemera kuja ndikuganiza za mahosipawa 30 m'malo mwa 40, kuti kumbuyo kupepukeko ndiponso anthu awiri azitha kuimasula. Amakaniko, kodi ya 30 ikweza botili ndi anthu 5?

Makaniko wa injini za maboti, Monkey Bay:
Ikweza bwana, bola pulopela ikhale yoyenera katundu osati liwiro, ndipo wolemera kwambiri asakhale kumbuyo pamodzi ndi thanki. Mukaipeza musalipire musanaiyese pa boti lanulo ndi anthu amene muzidzakwera nawo. Mundiuze tsiku, ndikwera minibasi ya ku Golomoti ndidzabwere ndi geji yoyezera mphamvu ya masilinda.